Abusa Yesaya Zerenji Mwasi a ku Sanga: Moyo Wawo ndi Funso Limene Adatisiyira

Munthu woyenda pa msewu wa m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Nkhata Bay kulowera ku Chintheche amadutsa pa Sanga. Ndi dera la asodzi ndi alimi a chinangwa, ndipo ambiri amangodutsapo osadziwa kuti m'chaka cha 1933 pamalo amenewa padachokera chimodzi mwa zikalata zofunika kwambiri m'mbiri ya Chikhristu m'dziko muno. Amene adachilemba ndi Abusa Yesaya Zerenji Mwasi, Mtonga wa kunyanja, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda a mishoni ya Livingstonia.

Abusa Mwasi sadali Mkatolika, ndipo njira imene adatsata kumapeto, yochoka mu mpingo wawo ndi kuyambitsa wina, si njira imene Eklezia amatiphunzitsa. Komabe funso limene lidawasowetsa tulo likukhudza mkhristu aliyense wa mu Afrika. Iwo ankafuna kudziwa ngati Mulungu amapezeka mokwanira mwa munthu wakuda, m'chinenero chake ndi m'nzeru zake, kapena ngati munthu wakudayo ayenera kukhala mwana wolezedwa mpaka kalekale m'nyumba ya Atate ake. Pachifukwa chimenechi taona kuti n'koyenera kuti ife akhristu a m'maparishi, makamaka akatekisiti amene amaphunzitsa ena, tiidziwe mbiri yawo.

Ubwana m'nthawi ya malinga

A Mwasi adabadwa cha m'ma 1869 pakati pa Atonga a m'mphepete mwa nyanja. Idali nthawi ya mantha. Angoni a M'mbelwa ankatsika kumapiri kudzalanda chakudya ndi kugwira anthu, motero Atonga ankakhala mothithikana m'malinga akuluakulu kufupi ndi madzi, pansi pa mafumu monga Mankhambira ndi Marenga. Malonda a akapolo nawonso adali asanathe panyanja.

Amishoni a ku Scotland adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 pa sitima yotchedwa Ilala. Kumeneko malungo adawasautsa ndipo ntchito idayenda pang'onopang'ono, choncho m'chaka cha 1881 Dr Robert Laws adasamutsira likulu la mishoni ku Bandawe, kumwera kwa Chintheche. Atonga adawalandira pa zifukwa ziwiri. Mafumu ankayembekeza kuti alendowo awateteza kwa Angoni, pamene achinyamata adaona msanga kuti sukulu ndi khomo lotulukira ku umphawi. Nthaka ya mchenga ya kunyanja inkapatsa munthu kondowole, koma sinkamupatsa ndalama. Wodziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera ankapeza ntchito ya ukalaliki, ya ukapitawo kapena ya pa sitima za kampani ya Mandala. Patangopita zaka zochepa, sukulu za m'midzi ya Atonga zidadzaza ndi ana, ndipo dera limeneli lidasanduka limodzi mwa madera a anthu ophunzira kwambiri m'Nyasaland monse.

A Mwasi adali mmodzi mwa anyamata a mbadwo umenewu. Adaphunzira m'sukulu za mishoni ya Bandawe, adabatizidwa, ndipo adayamba kuphunzitsa anzawo. Kenaka adapita kukapitiriza maphunziro kuphiri la Khondowe.

Sukulu ya ku Khondowe

M'chaka cha 1894 Dr Laws adatsegula sukulu yaikulu ku Khondowe, kumene lero timati ku Livingstonia, ndipo idatchedwa Overtoun Institution polemekeza mkulu wina wachuma wa ku Scotland amene ankaithandiza. Panthawiyo kudalibe sukulu ina yofanana nayo m'chigawo chino cha Afrika. Ophunzira ankabwera kuchokera m'Nyasaland monse ndi m'maiko oyandikana nafe. Ena ankaphunzira ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, ulimi ndi kutumiza mauthenga pa lamya. Ena ankaphunzira uphunzitsi ndi zachipatala. Ochepa ankafika pa maphunziro apamwamba a Chingerezi, masamu, sayansi, mbiri ya dziko ndi zaumulungu. Pofika 1905 pamalopo pankayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, chinthu chimene ngakhale mizinda yambiri ya azungu mu Afrika idali isanachione.

A Mwasi adali m'gulu la ochepawo, ndipo adamaliza maphunziro a ubusa koyambirira kwa zaka za m'ma 1900. Sukuluyi idawapatsa Chingerezi chozama, kudziwa Baibulo ndi luso lotsutsana mwadongosolo. Idawaphunzitsanso mbiri ya mpingo wa aphunzitsi awo, Free Church of Scotland, umene udabadwa m'chaka cha 1843 pamene abusa mazanamazana adatuluka mu mpingo wa boma pokana kuti anthu akunja kwa mpingo aziwasankhira abusa. Amishoni ankainyadira mbiri imeneyi. Sadaganize kuti tsiku lina ophunzira awo adzaigwiritsa ntchito poyeza iwo eni.

Apa ndi pamene padagona vuto la mishoni ya Livingstonia. Idaphunzitsa anthu mpaka kufika pamlingo wotha kutsogolera, koma idachedwa kuwapatsa utsogoleriwo.

Zaka zodikira

Amene adamaliza maphunziro a ubusa sadadzozedwe nthawi yomweyo. Ankapatsidwa chilolezo cholalikira, kenaka ankauzidwa kuti ayambe ayesedwa. Chaka chinkatha, china n'kubwera. A Charles Domingo, amene adabwera ali mwana kuchokera ku Quelimane ndipo ankadziwika kuti ndi wophunzira wanzeru koposa, adadikira mpaka kutopa, ndipo adachoka osadzozedwa.

Akhristu wamba nawonso ankadikira. Kuyambira cha m'ma 1895 anthu ambiri a m'dera la Bandawe ankafuna ubatizo, koma amishoni adali ochepa ndipo makalasi ankatenga zaka. M'chaka cha 1908 Mtonga wina amene adaphunzirapo ku Khondowe, a Elliot Kenan Kamwana, adabwerako ku South Africa ndi chiphunzitso cha Watch Tower, ndipo m'miyezi yochepa adabatiza anthu opitirira 9,000. Boma lidawachotsa m'dzikomo m'chaka cha 1909. Zimenezi zidaonetsa poyera kuti pamene mbusa achedwa, nkhosa zimatsata wina aliyense amene wawaitana.

A Mwasi sadatsate a Domingo kapena a Kamwana. Adakhalabe mu mpingo wawo, akulalikira ndi kuphunzitsa, mpaka m'mwezi wa Meyi 1914 pamene adadzozedwa ubusa pamodzi ndi a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa. Padali patapita zaka 39 chifikire amishoni ku Cape Maclear. Anzawo a mishoni ya Blantyre adali atadzoza kale a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha m'chaka cha 1911, ndipo a Anglican a pa chilumba cha Likoma, patsidya pomwepa pa Nkhata Bay, adali ndi ansembe achikuda kale zimenezi zisanachitike.

Ngakhale atadzozedwa, abusa atsopanowo sadali ofanana ndi anzawo achizungu. Ankagwira ntchito moyang'aniridwa ndi mmishoni wa pa steshoni, ndipo malipiro awo adali kachigawo kochepa ka malipiro a mzungu. Chuma, sukulu ndi zipatala zidali m'manja mwa bungwe la amishoni okhaokha, m'mene munthu wakuda sankakhalamo. Mu Presbitale, umene ndi msonkhano wa abusa ndi akulu a mpingo, onse ankakhala pamodzi, koma nkhani zikuluzikulu zinkagamulidwa kwina.

Mbusa wa ku Sanga ndi nkhani za dziko

A Mwasi adapatsidwa mpingo wa Sanga, ndipo adautumikira zaka zambiri. Ntchito ya mbusa wa kunyanja masiku amenewo idali yoyenda pansi ndi pa bwato, kuyendera sukulu za m'midzi, kuyesa a m'kalasi, kuweruza milandu ya mabanja ndi kutonthoza amayi amene amuna awo adapita ku Joni kapena ku Southern Rhodesia osabwerako. M'chaka cha 1918 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Presbitale ya Livingstonia, udindo umene iwo amautcha Moderator, ndipo adali munthu wakuda woyamba kukhala pa mpandowo. Izi zikusonyeza kuti luso lawo silinkakayikitsa, ngakhale kwa amishoni amene ankakangana nawo. Kukanganako kudayamba msanga, chifukwa a Mwasi sankalola kuti mbusa wodzozedwa azikapempha chilolezo ku Bandawe pa nkhani za nkhosa zimene iye mwini akuzidziwa maina.

Ubusa wawo sudathere pa guwa. M'chaka cha 1912 anthu ophunzira a ku Karonga adayambitsa bungwe la North Nyasa Native Association, m'mene a Levi Zililo Mumba adali mlembi. M'chaka cha 1914 Atonga adayambitsa lawo, West Nyasa Native Association, ndipo a Mwasi adali mmodzi mwa atsogoleri ake odziwika. La Mombera, kwa Angoni, lidatsatira mu 1920. Mabungwe amenewa sankanyamula mikondo ngati mmene adachitira a John Chilembwe ku Chiradzulu m'chaka cha 1915. Chida chawo chidali cholembera. Ankakumana, kukambirana, kulemba mfundo m'Chingerezi chosalala ndi kuzitumiza kwa bwana wa boma, amene panthawiyo ankakhala ku Chintheche, kuti zikafike kwa Bwanamkubwa ku Zomba. Ankadandaula za msonkho, za nkhanza pousonkhetsa, za mavuto a anthu opita kukagwira ntchito kunja, ndipo koposa zonse za maphunziro. Mayankho ankabwera mochedwa ndipo kawirikawiri adali okana. Komabe m'mabungwe amenewa ndi mmene Amalawi adaphunzirira kulankhula ndi boma, ndipo ndi mwa iwo mmene mudaphukira Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944.

Mbadwo umenewu udatulutsanso a Clements Kadalie a m'mudzi wa Chifira kufupi ndi Bandawe, amene m'chaka cha 1919 adayambitsa ku Cape Town bungwe la ICU, lomwe lidakula kukhala bungwe lalikulu la anthu akuda apantchito ku South Africa. Nkhani zoterezi zinkafika kunyanja m'makalata ndi m'kamwa mwa obwera kutchuthi. Mkhristu wa ku Sanga ankatha kufunsa kuti ngati mwana wa ku Chifira akutsogolera anthu zikwizikwi kunja, n'chifukwa chiyani mbusa wa kwawo sangatsogolere mpingo wa m'mudzi mwake.

Chaka cha 1933

Dr Laws adapuma pa ntchito ndi kubwerera kwawo m'chaka cha 1927. Posakhalitsa chuma cha dziko lonse lapansi chidagwa, thandizo lochokera ku Scotland lidachepa, ndipo ntchito kumigodi zidasowa. Mitima idawawa. Koyambirira kwa zaka za m'ma 1930 padabuka mkangano pakati pa a Mwasi ndi Presbitale pa za kayendetsedwe ka mpingo wa Sanga. Iwo adaona kuti sakuweruzidwa mwachilungamo, ndipo m'chaka cha 1933 adalengeza kuti achoka. Zifukwa zawo adazilemba m'chikalata cha m'Chingerezi chotchedwa My Essential and Paramount Reasons for Working Independently, chimene chidasindikizidwa ngati kabuku mu 1999 m'gulu la mabuku a Kachere.

Chodabwitsa m'chikalatachi n'chakuti sichitaya nthawi yambiri pa mlandu wawo. Chimapita ku muzu wa nkhani. Mfundo yoyamba idali yakuti mishoni ndi mpingo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mishoni ndi ntchito ya alendo obwera kudzafesa, ndipo iyenera kukhala ndi mapeto, pamene mpingo ndi wa eni dziko amene akhulupirira. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo a Mwasi ankaona kuti mame amenewa akana kukamuka ngakhale dzuwa lakwera.

Mfundo yachiwiri idali yakuti Chikhristu chongobwerekera sichingazike mizu m'moyo wa anthu. Chiyenera kumera m'nthaka ya kwawo, kulankhula chinenero cha kwawo ndi kusamalidwa ndi manja a eni ake.

Mfundo yachitatu ndi imene idali yakuthwa koposa. Iwo adaona kuti akhristu anzawo agwidwa ndi maganizo olakwika akuti Mulungu amapezeka kwambiri mwa azungu, m'maiko awo, m'zinenero zawo ndi m'maganizo awo, koma pang'ono chabe mwa anthu akuda ndi zinthu zawo, ngati kuti khungu loyera ndilo limamuyandikizitsa munthu kwa Mulungu. Kwa iwo limeneli silidali vuto la ndale chabe. Lidali bodza lonena za Mulungu mwini, ndipo mbusa adayenera kuwombola anthu ake ku bodzalo.

A Mwasi sadabweretse chiphunzitso chatsopano ngati a Kamwana. Chikhulupiriro ndi dongosolo la Chipresbateriya adazisunga. Chimene ankakana ndi ulamuliro wa mishoni. Mpingo wawo adautcha Blackman's Church of God which is in Tongaland, ndipo gawo la akhristu a ku Sanga lidawatsata.

Sadali okha. Abusa Yaphet Mkandawire adali atachoka kale mu 1932 kudera la Chilumba, ndipo Abusa Charles Chidongo Chinula adayambitsa mpingo wawo mu 1934 m'boma la Mzimba. M'chaka cha 1935 mipingo itatuyi idagwirizana kupanga Mpingo wa Afipa wa Afrika, umene m'Chingerezi umatchedwa Blackman's Church of Africa Presbyterian. Mawu akuti afipa m'Chitonga ndi m'Chitumbuka amatanthauza anthu akuda.

Sukulu imene sidamangidwe

A Mwasi ankadziwa kuti mpingo wopanda sukulu yake sungaime pawokha. Nthawi imeneyo m'Nyasaland monse mudalibe ndi sukulu imodzi yomwe ya sekondale. Kwa zaka zambiri boma la atsamunda linkapereka mapaundi 1,000 okha pachaka ku sukulu zonse za mishoni m'dziko muno, ndipo nthambi yoona za maphunziro idakhazikitsidwa mochedwa, mu 1926. Gulu la akatswiri la Phelps-Stokes, limene lidayendera dziko lino mu 1924, lidalimbikitsa maphunziro a ulimi, ukhondo ndi ntchito za manja m'midzi, ndipo silidakondwere ndi maphunziro apamwamba a ku Khondowe. Anthu ngati a Mwasi sankadana ndi ulimi kapena ukhondo. Chimene ankakana ndi chakuti munthu wina aike denga pa nzeru za mwana wakuda.

Choncho m'chaka cha 1934 iwo ndi anzawo adayambitsa bungwe la Nyasaland Blackman's Educational Society. Cholinga chake chidali kumanga sukulu yapamwamba kapena koleji yoyendetsedwa ndi anthu akuda eni ake, yotukula munthu pa chipembedzo, pa makhalidwe, pa chuma, pa thanzi la thupi ndi pa nzeru. Tikaonetsetsa, mbali zisanu zimenezi zikuonetsa kuti iwo ankaganizira munthu yense wathunthu. Kunyanja kumene malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba zinkafooketsa ana asukulu, kulimbitsa thupi ndi kudziwa sayansi ya matenda sizidali nkhani zapadera ndi Uthenga Wabwino.

Sukuluyo sidamangidwe. Anthu amene akadasonkha ndalama adali osauka, chuma chidali chitagwa, boma silidathandize, ndipo mipingo itatu yogwirizanayo idali motalikirana, uliwonse ndi mtsogoleri wake wamphamvu. Sekondale yoyamba idatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Katolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964. Kumpoto, Yunivesite ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa mu 1999 ndipo ya Livingstonia mu 2003, pamene Yunivesite ya Katolika idatsegulidwa ku Nguludi mu 2006. Zimene a Mwasi ankalota pa Sanga zidachitika, koma iwo sadazione.

Khungu, sayansi ndi chikhulupiriro

Kuti timvetse kulimba mtima kwawo, tiyenera kukumbukira mmene dziko linkaganizira masiku amenewo. Ku Ulaya ndi ku America kudali anthu ophunzira amene ankayeza zigaza za anthu ndi kuika mitundu pa makwerero, azungu pamwamba ndi anthu akuda pansi, ndipo zimenezi ankazitcha sayansi. Chaka chomwecho cha 1933 ndi chimene Adolf Hitler adatenga ulamuliro ku Germany ndi chiphunzitso chakuti mtundu wina ndi woposa inzake. Pamene akuluakulu a maiko ankachita chidwi ndi maganizo amenewa, mbusa wa m'mudzi wa asodzi ankalemba kuti ndi bodza.

Eklezia adalankhulapo mu 1937, pamene Papa Pius XI m'kalata yake Mit brennender Sorge adadzudzula kukweza mtundu kapena fuko mpaka kulisandutsa fano. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, bungwe la UNESCO lidalengeza mu 1950 kuti anthu onse ndi a mtundu umodzi wa chilengedwe. Kafukufuku wamkulu wa majini a munthu, amene adamalizidwa mu 2003, adatsimikiza kuti anthu awiri alionse padziko amafanana pafupifupi 99.9 pa 100 iliyonse. Kuda kapena kuyera kwa khungu kumadza ndi kuchuluka kwa melanin, chinthu chimene chimateteza thupi ku dzuwa, ndipo sikukhudzana ndi nzeru. Sayansi yoona idafika pamene Malembo Oyera adali kale. Pa Ntchito za Atumwi 17:26 timaphunzira kuti mitundu yonse idachokera kwa kholo limodzi, ndipo pa 10:34-35 Petulo Woyera adazindikira kuti Mulungu alibe tsankho.

Mpingo wa Katolika ndi funso lomweli

Tisaganize kuti funso la a Mwasi lidali la mipingo ina yokha. Ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902. Wansembe woyamba wa Chimalawi, Bambo Cornelio Chitsulo, adadzozedwa mu 1937, patapita zaka 36 chiyambire ntchito ku Nzama. Kudikira kwathu kudali kofanana ndi kwa anzathu a ku Livingstonia.

Kusiyana kwake n'kwakuti kwa ife chidzudzulo chidachokera pamwamba. Mu 1919 Papa Benedict XV adalemba kalata ya Maximum Illud, m'mene adalamula kuti eni dziko aphunzitsidwe unsembe mokwanira, osati kuti akhale othandizira alendo chabe koma kuti tsiku lina adzatsogolere anthu awo. Adachenjezanso amishoni kuti asatumikire zofuna za maiko awo. Papa Pius XI adabwerezanso zomwezo mu 1926, chaka chimene adadzoza maepiskopi asanu ndi mmodzi a ku China. Mu 1939 Ambuye Joseph Kiwanuka a ku Uganda adadzozedwa uepiskopi, ndipo chaka chomwecho seminale yaikulu ya Kachebere idatsegulidwa ku Mchinji. Bambo Chitsulo adasankhidwa kukhala episkopi wa Dedza mu 1956. Ku Kampala mu 1969, Papa Paulo VI adauza Aafrika kuti tsopano akhale amishoni kwa iwo eni ndipo kuti ayenera kukhala ndi Chikhristu cha Chiafrika. Ku Lilongwe, Ambuye Patrick Kalilombe adatsogolera sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, imene idazika miphakati ndi mfundo ya Mpingo wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa. Dayosizi ya Mzuzu, m'mene muli Sanga, idakhazikitsidwa mu 1961 ndipo idalandira episkopi wake woyamba wa Chimalawi, Ambuye Joseph Mukasa Zuza, mu 1995.

Kumapeto kwa moyo wawo

Abusa Mwasi adatsogolera mpingo wawo kunyanja mpaka ukalamba, ndipo adamwalira m'chaka cha 1955. Mpingo wa Afipa sudakule ngati umene adauchokera. Chaka chotsatira, mu 1956, Livingstonia idakhala sinodi ya CCAP, ndipo ulamuliro wa mishoni udayamba kulowa m'manja mwa mpingo wa eni dziko. Chinthu chimene adachokera chidachitika patangopita chaka chimodzi ataikidwa m'manda, ndipo adachilandira ndi amene adatsala. A Chinula, mnzawo wa mu 1935, adabwerera ku CCAP atakalamba.

Kodi tinene kuti a Mwasi akadangodekha? Yankho si lapafupi. Munthu amene adadikira ubusa zaka zambiri, ndi kuutumikira zaka 19 moyang'aniridwa ngati wophunzira, sitingamunene kuti adali wopupuluma. Komanso sitingabise kuti kugawikana kudadula mphamvu zimene sukulu ya maloto awo inkafuna, pakuti mutu umodzi susenza denga. Msonkhano Waukulu wa Vatican wachiwiri, m'chikalata chake cha 1964 chonena za umodzi wa akhristu, udavomereza kuti pa kugawikana kwa mipingo nthawi zambiri mbali zonse ziwiri zimakhala ndi mlandu, ndipo udatilamula kuona obadwira m'mipingo imeneyi ngati abale. Pemphero la Ambuye Yesu pa Yohane 17:21, lopempha umodzi wa ophunzira ake, limaweruza wochoka ndi womuchotsa yemwe.

Zimene zatsalira ife

Lero ansembe, asisitere, maepiskopi ndi akatekisiti athu ambiri ndi ana a dziko lino. Choncho funso la a Mwasi latembenuka, likuyang'ana ife. Ngati tikhulupirira kuti Mulungu ali pakati pathu mokwanira, tchalitchi chathu, seminale yathu ndi sukulu yathu siziyenera kudikira thandizo la kunja kuti ziime. Mkatekisiti amene amakonza bwino phunziro lake m'Chitonga, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, osapeputsa chinenero cha anthu ake, akuyankha funso limeneli. Mphakati umene wasonkha fizi ya mwana wamasiye wosankhidwa kupita ku sekondale ukumanga njerwa ya sukulu imene idalephereka mu 1934.

Bodza limene iwo adalimbana nalo silidafe, lidangosintha malaya. Limabwera pamene tiyeza mnzathu ndi mtundu wake kapena chigawo chimene akuchokera. Lidaonekera moipitsitsa kuyambira cha m'ma 2014, pamene abale ndi alongo athu achialubino ankasakidwa ndi kuphedwa m'maboma osiyanasiyana chifukwa cha khungu lawo, limene kusiyana kwake ndi lathu ndi kuchepa kwa melanin basi. Kuphunzitsa ana a m'kalasi choona chimenechi ndi gawo la katekisimu.

Pomaliza, atsogoleri a m'mabungwe a parishi ndi a m'miphakati aphunzirepo kumva dandaulo lisanasanduke chilonda. Mishoni ya Livingstonia idataya mmodzi mwa ana ake anzeru koposa chifukwa idamuphunzitsa koma sidamukhulupirire. M'maparishi athu muli achinyamata ndi amayi aluso amene akudikira kuti apatsidwe udindo weniweni. Tisawadikiritse mpaka atatopa. Ndipo iwo amene akumva kuwawa akumbukire kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chilungamo chimene a Mwasi ankafuna tichifunefune tili m'nyumba, pamodzi.

Mzimu wa Abusa Yesaya Zerenji Mwasi uuse mu mtendere, ndipo Mulungu atipatse umodzi umene Mwana wake adaupempherera.